Mthunzi wa Mwana Wosankhidwa

Ku univesidadi ku Maputo kunali gulu la ophunzira anzeru kwambiri, amene aphunzitsi ankawapatula n'kumawaphunzitsa paokha. Ine sindinalimo. Ndinkangogona chipinda chimodzi ndi mnzanga amene analimo.

Nditabwera kutchuthi kwathu ku Kobwe, m'mphepete mwa nyanja, nkhondo inatseka msewu, ndipo sindinathenso kubwerera. Atate atandifunsa za sukulu, pakamwa panangotuluka kuti, "Andisankha m'gulu la anzeru."

Nthawi imeneyo anyamata ambiri anali atatengedwa ku usilikali, ena atathawira ku Likoma, moti okoka khoka anali ochepa. Nditati ndigwireko chingwe, atate anandilanda.

"Siya iwe! Manja osankhidwa sakoka khoka. Kawerenge."

Ndinapitadi. Tsiku ndi tsiku ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango, buku lili pamiyendo, tsamba lomwelomwelo, phazi likungosewera ndi mchenga, uku ndikusuzumira atate akukoka ndi msana wawo wodwala. Chilungamo chinkafika pakhosi, koma usipa ukapsa chinkabwerera m'mimba.

Bodzalo ndinaulula patapita zaka, atate n'kungoseka. Chimene sindinawauze mpaka anamwalira n'chakuti mthunzi uja unkandikomera.