Maso a Achemwali

Achemwali anga amagwira ntchito ya lezala, koma si ometa. Pakampani ya mbewu pamene ine ndimatsuka mabotolo, iwo amadula mphukira za maluwa. Amaviika mphukira m'phula, phulalo likauma amasenga tizidutswa topyapyala kuposa khungu la anyezi, n'kuika pakagalasi pansi pa maikulosikopu, makina osuzumiramo okulitsa tinthu ting'onoting'ono. Chimene amafuna chili m'kati mwa kanthu kamene kadzakhale njere. M'menemo mumayamba maselo anayi ondandana, atatu amafa, imodzi imakula n'kukhala kathumba kodikira mungu. Kathumbako kakapanda kupangika, ndiye kuti mbewuyo ndi gojo, isagulitsidwe kwa alimi.

Manja awo ndi abwinobwino mpaka lero. Chimene chidayamba kuthawa ndi maso. Adandiuza tili awiri, chitseko chotseka.

"Iwe, tabwera usuzumire apa. Ukuona chiyani?"

"Ndikuona kanthu ngati nthanga ya dzungu."

"Muli timadontho m'kati?"

"Eee, mbali zonse ziwiri."

"Basi, kakula bwino. Usauze munthu, wamva?"

Kuyambira pamenepo maso awo ndidali ine. Iwo kudula, ine kusuzumira. Ndinkachita mantha zedi. Nsapato ikangogunda m'khonde, ndinkathamangira kusinki, n'kumatsuka botolo loyera kale. Kunyumba achemwali ali ndi ana atatu a pasukulu, ndipo alamu adatisiya kalekale.

Lolemba lina bwana adalowa ndi alendo, atanyamula mphukira za mtundu watsopano. Bwana wathu ndi munthu wokonda kuonetsa antchito ake ngati mipando yatsopano.

"Mayi awa salakwitsa," adatero. "Mayi, tiuzeni ngati mbewuyi ibereke. Alimi akudikira."

Achemwali adaviika mphukirazo m'phula, litauma adasenga, adaika kagalasi pamaikulosikopu, n'kuwerama. Ine ndidali kusinki, manja ali thovu lokhalokha. Kusendera sindikanatha. Ndidaona khosi la achemwali likutuluka thukuta. Akanangonena kuti ibereka, palibe akanatsutsa tsikulo, ndipo ine mumtima ndinkakuwa kuti nenani, achemwali, nenani! Zikadzavuta zidzavutira kumunda, kutali ndi ife.

Adapotoza kachitsulo ka maikulosikopu uku ndi uku, nthawi yaitali. Mlendo wina adatsokomola.

Kenaka achemwali adaweramuka, n'kupukuta manja pa epuloni.

"Bwana," adatero, "pepani. Sindikuona chilichonse. Chaka chino chonse sindikuona."

Botolo lidandipulumuka m'manja, koma palibe adatembenuka.