Mafunso Atatu a Kristina

Ndinayamba kumuzindikira Kristina Kalinde pamaliro a mwamuna wanga, mu 1985. Amayi onse anali m'nyumba akulira nane, koma pazenera ndinamuona ali panja, akufunsa kalipentala wa bokosi kumene amagula matabwa. Anthu ankati alibe mwambo. Iye ankangofunsa basi, chilichonse, kwa aliyense.

Mwamuna wake anapita ku Joni osabwerako. Anamusiyira ana anayi, mbuzi imodzi ndi dimba la tomato kumunsi kwa Ndunde. Vuto lake linali la tonse. Tinkadzala mwezi umodzi, tomato n'kupsa sabata imodzi, tonse n'kusenzera ku Njuli, kumene ogula a ku Limbe ankangotola mwa kufuna kwawo.

Kenaka Kristina anamva za a Abbas, bambo wa ku Limbe amene ankapereka ndiwo zamasamba kumahotela ndi kusukulu zogonera komweko. Anapitako katatu mpaka anavomera kudzalankhula ku kalabu yathu ya alimi. Anati adzafika Loweruka 9 koloko pa njinga yamoto, ndipo 12 ikadzakwana adzanyamuka, chifukwa masana amakapereka katundu. Kristina anagulitsa mbuzi ija kuti apeze mafuta a njingayo ndi nkhuku zothokozera.

Lachisanu anabwera kwathu.

"Achemwali, tengani pensulo. A Gladson andiika kukhitchini, akuti pakamwa pangapa padzachititsa manyazi kalabu."

A Gladson Mateyu anali apampando athu. Ine ndinali mlembi, poti ndinafika Fomu 2.

Anandiuza mafunso atatu, ndinalemba. Mahotela amafuna tomato wamtundu wanji? Tidzale mwezi uti kuti tisakolole pamodzi ndi dziko lonse? Lole yanu ingafike ku Ndunde?

"Lachitatulo ndiye lenileni," anatero. "Inu mudzakhala kutsogolo pabenchi. Kungoima ndi kuwerenga. Kapena ndikubwerekeni pakamwa pangapa?"

Tinaseka. Ndinalonjeza.

A Abbas anafika nthawi yake, fumbi lili mbuu m'jekete. Tinawakhazika pampando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango. Akulu a mpingo anatsegula ndi pemphero lofika mpaka kwa odwala a ku Mbombwe. Amayi anaimba nyimbo zinayi zolandirira mlendo. A Gladson anatchula aliyense wokhala pampando, dzina ndi udindo, aliyense n'kuima, ife n'kuomba m'manja. Ndiye anayamba olankhula. Alangizi a zaulimi anati, "Ine ndilibe mawu ambiri," n'kufotokoza za manyowa. Msungichuma analibenso mawu ambiri. A Francisko, mkulu wa tonse, anati mawu alibiretu, n'kuyambira chaka chimene kalabu inabadwa. Kwathu mlendo salankhula eni mudzi asanathe, ndipo kumudula munthu wamkulu ndi chipongwe. A Abbas anayang'ana wotchi kawiri, kenaka anaivula n'kuiika pabondo.

Anaima kutatsala mphindi khumi. Anathokoza onse amene analankhula, monga mwa ulemu, ndipo theka la nthawiyo linathera pomwepo. Anati tomato azisankhidwa, wamkulu payekha, wamng'ono payekha. Kenaka anatiyang'ana.

"Ndabwera kudzamva zanu. Pali funso?"

Pepala linali m'dzanja langa, litanyowa ndi thukuta. Chimwalirire mwamuna wanga ndinali ndisanalankhulepo pagulu. Ndinaona amuna onse aja pamipando. Ndinati ndipume kaye kamodzi.

"Ayi bwana, tamva zonse," anatero a Gladson. "Mwatopa ndi ulendo, sitingakuvutitseninso."

Anthu anaomba m'manja. Inenso ndinaomba, pepala lili pakati pa zikhato.

Kristina anatulukira ndi beseni la madzi osamba m'manja, a Abbas akumangirira nkhuku panjinga. Mlendoyo sanadye n'komwe. Kristina anaika beseni pansi kuti athamange, koma amuna anali atamuzungulira mlendo, akumuperekeza, ndipo njinga inalira. Kristina anatembenuka kundiyang'ana. Anatola beseni lija n'kukathira madziwo patsinde pa mango.

Mu Seputembala tomato anapsa monga mwa masiku onse. Wa Kristina anaphwanyikira m'madengu ku Njuli, wotsala anadyedwa ndi nkhumba za aneba. Anapitanso ku Limbe, ulendo uno wapansi. A Abbas anamulandira bwino, koma lole anali ataipereka kale kwa alimi a ku Mpama. Anati kumeneko anawapanikiza ndi mafunso mpaka dzuwa kupendeka, pomwe kwathu anaona ngati anthu ali bwino kale.

Izi Kristina anandiuza yekha, mosakwiya, tikuchapa kumtsinje. Ndikanakonda akanandilalatira. Kuyambira pamenepo ndinaona kuti wasiya kufunsa. Wogula akatchula mtengo, ankangotsitsa dengu.

Chaka chotsatira dimba analisiyira mchimwene wake. Ana awiri anapita kwa azakhali awo, awiri anawatenga kupita nawo ku Thyolo kukathyola tiyi. M'mawa wa tsiku lonyamuka anadutsira kwathu, mtolo uli pamutu. Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa pepala lija m'Baibulo, mmene ndinkalisunga. Sindikudziwa chimene ndinkafuna. Mwina kuti aling'ambe.

"Ine ndi zilembo tinadana kalekale," anatero. "Tandiwerengerani."

Ndinaima pakhonde n'kuwerenga onse atatu, mokweza, mpaka la lole. Mawu sananjenjemere ngakhale pang'ono.

Anakonza nkhata pamutu, n'kugwira dzanja la mwana wamng'ono. Kuchokera tsiku limenelo sindinamuonenso, ndipo za iye sindinamveponso kanthu.

"Mumawerenga bwino, achemwali," anatero. "A Abbas akanamva ndithu."