Madokotala a pa Mjigo

Ndinakhala pa banja zaka zisanu ndi chimodzi ndilibe mwana, ndipo zaka zonsezo thupi langa linali nkhani ya pa mjigo. Ndinkaphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Nsaru. Kumwezi ndinkapita kawiri kapena katatu pa chaka. Ndinkangonenepa, khosi linada kumbuyoku ngati sindisamba, ndipo pachibwano panamera tindevu timene ndinkazula Loweruka lililonse.

Amayi a m'mudzimo, amene chipatala amachidziwira ku sikelo kokha, anali atandiyeza kale. Ena ankati ndinachotsa mimba ndili ku koleji. Ena ankati mkazi wandevu amadya ana ake asanabadwe. Lamulungu omwewo ankandigwira dzanja pa khomo la tchalitchi n'kumati akundipempherera. Mkulu wa madokotala onsewa anali mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, mayi wa ana asanu ndi awiri, amene ankayesa kubereka ngati digiri.

Tsiku lina anabwera ndi botolo la madzi akuda.

"Alamu, imwani m'mawa ndi madzulo," anatero. "Asing'anga a ku Msundwe aja salephera."

Ndine mphunzitsi, koma ndinamwa, mpaka mabotolo anayi. Chimene ndinapindula ndi kutsegula m'mimba basi.

Amene anandiuza zopita ku chipatala cha ku Namitete ndi mphunzitsi mnzanga. Amuna anga anakana kaye, ati iwo vuto alibe, ngati kuti anadziyeza okha kuseri kwa shedi ya fodya. Kenako anapita, ndipo iwo anapezekadi ali bwino. Ine adokotala, mayi wolankhula modekha, anandifunsa za kumwezi, anayang'ana khosi, ananditenga magazi n'kundiunika m'mimba.

"Mazira muli nawo, amayi, ambiri ndithu," anatero. "Koma sakhwima n'kutuluka. Amangokhala ngati timatuza m'malo amene amapangidwira. Thupi lanu silimvera bwino insulini, imene imathandiza kuti shuga achoke m'magazi n'kukagwira ntchito. Ndiye thupi limapanga insulini yambiri, ndipo zimenezi zimasokoneza mazira, n'kumeretsanso ndevuzi."

"Ndiye si tchimo langa, eti?"

"Si tchimo. Ndi matenda, ndipo akazi ambiri ali nawo."

Anandipatsa mapiritsi amene amamwa odwala shuga, nandichenjeza kuti si za mwezi umodzi. Ndinasiya shuga wa mu tiyi, mandasi a pa buleki ndi zakumwa zotsekemera. Ndinasiyanso kabaza, n'kumayenda wapansi kupita ku sukulu ndi kubwerako. Masabata oyamba mapiritsiwo ankandichititsa nseru.

Thupi litayamba kutsika, a pa mjigo anasintha matenda anga. Munthu wokwera basi ya ku chipatala kawirikawiri, womwa mapiritsi tsiku ndi tsiku, woonda: kwa iwo nkhani inali itatha, ndinali ndi kachilombo. Omwe aja ankati mafuta anditseka njira ndi amene anayamba kundiyang'ana mwachisoni. Mlamu anaitanira mchimwene wake pambali, koma mawu ake sadziwa kunong'ona.

"Achimwene, kodi inu mwakayezetsa?"

"Tinayezetsa tonse awiri," anayankha amuna anga. "Inu munayezetsa liti?"

Sanabwerenso kwathu mwezi wathunthu, ndipo palibe anamusowa.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri ndinayamba kupita kumwezi mwadongosolo. Adokotala anawonjezera mapiritsi ena, omwa masiku asanu okha, othandiza dzira kukhwima. Ulendo woyamba sizinatheke, wachiwiri ndi wachitatu chimodzimodzi. Wachitatuwo ndinalirira m'kalasi ana atapita kosewera. Wachinayi ndinaima.

Mwana wamkazi anabadwa nthawi yokolola chimanga. Mlamu anali woyamba kufika, atanyamula beseni latsopano, ndipo anauza wodi yonse kuti mankhwala a ku Msundwe amachedwa kugwira ntchito koma sanama. Apa n'kuti atanyamula mwana wanga. Ndinangomulanda mwanayo n'kutembenukira kukhoma.

Matendawa sanathe. Nditasiya kuyamwitsa, masiku a kumwezi anasokonekeranso, ndipo mapiritsi ndikumwabe. Mwanayu wangoyamba kumene kuthamanga. Sabata yatha mayi wina, amene sanandipatseko ngakhale moni nthawi imene ndinkaonda, anandiimitsa pa msika ndikugula bonya.

"Aphunzitsi, nanga wachiwiri liti? Mmodzi si mwana."

Ndinamuuza kuti akafunse adokotala a ku Namitete, ndipo kuti basi yoyamba imanyamuka sikisi koloko.