Ndinaima M'fumbi pa Msewu wa ku Bembeke

Kwathu kuno kumtunda kwa Bembeke anthu amatidziwa ndi kuzizira. Alendo amene amabwera mu Juni amabwerera akusimba za nkhungu ndi chisanu, koma sadziwa mmene kumakhalira mu Okutobala, minda yonse itasosedwa, mizere ili mbee, mapiri atapsa. Nthawi imeneyo dothi limauma n'kusanduka ngati ufa, ndipo mphepo ikangodutsa limanyamuka. Ndili mwana m'mbali mwa msewu munali mitengo yotchinga mphepoyo. Tinaidula tokha, wina wa nkhuni, wina wowotchera njerwa, mpaka inatha.

Mwezi womwewo ndi umene njoka zimatsika m'phiri. Osaka mbewa akatentha tchire, zokwawa zonse zimathawira kumadimba kumene kuli chinyezi. Ife tinakula tikuzidziwa zimenezi. M'mawa umagwedeza nsapato usanavale poopa chinkhanira. Mulu wa mapesi umayamba waumenya ndi ndodo usanaunyamule. Khola la mbuzi umatseka dzuwa lisanalowe chifukwa cha afisi a m'mapanga. Palibe amene ankaziona ngati zachilendo.

Amuna anga anali a ku Linthipe, anabwera kudzakhala kwathu chikamwini. Anali ndi pikapu yoyera yakalekale imene ankanyamulira mbatatesi ndi kabichi kupita nazo kumsika. Chaka china anaumirira kuti ndiphunzire kuyendetsa. Lamulungu lililonse tikaweruka ku Misa ankanditengera pabwalo la mpira la kusukulu, ine n'kumazungulira pamenepo, anthu akuseka m'mbali.

"Asiyeni aseke," ankatero. "Tsiku lina ndikadzadwala, mbatatesi zidzawolere pakhomo?"

Ndinaphunzira ndithu, koma ndinkangoyendetsa pabwalopo ndi m'kamsewu ka m'mudzi. Pamsewu wa tala ndinali ndisanapondepo.

Tsikulo iwo analawirira kudimba kukathirira. Ine ndinatsala pakhomo ndikusankha mbewu ya chimanga. Dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo ndinamva achemwali anga aakulu akukuwa kumunsi. Dimba lawo linachita malire ndi lathu. Anatulukira akuthamanga, duku lili m'manja.

"Iwe, tuluka! Alamu yawaluma njoka!"

Amuna angawo ankabwera pambuyo, akuyenda okha, mwakachetechete ngati munthu wochokera kokacheza. Achemwali anali atawamanga kansalu pamwamba pa bondo. Atakhala pakhonde, amuna angawo anandionetsa timabala tiwiri m'munsi mwa bondo, tating'ono ngati pobaya minga. Anati ankavundukula udzu wa panazale ya kabichi, njokayo n'kudzuka pomwepo.

"Ndi mbobo," anatero. "Ndaiona bwino. Yaitali, yotuwa."

Mayi wina woyandikana nafe anayamba kunena za munthu wa kutsidya amene amatemera mankhwala a njoka, koma amuna anga anapukusa mutu. Anati tipite ku chipatala cha ku Boma. Anadzuka, n'kutsegula chitseko cha mbali ya dalaivala monga mwa masiku onse, koma atayesa kuponda kilatchi mwendo unakana. Anasunthira pakati n'kundipatsa kiyi.

"Mayi, lero muyendetsa ndinu."

Achemwali anakwera mbali inayo kuti aziwagwirizira. Tinapanikizana atatu kutsogoloko. Galimoto inandizimira kawiri tisanatuluke m'mudzi. Amuna anga ankandiuza mofatsa ngati tili pabwalo la mpira kuti ndisiye kilatchi pang'onopang'ono, ndisathamangire giya yachitatu. Anayesanso kuseka, amvekere mlamu wawo akuwafinya dala. Koma titadutsa kamlatho koyamba anati milomo ikuchita dzanzi, ndipo ndinaona thukuta likuyenderera m'khosi mwawo.

Kuchokera kwathu kukafika pa tala ndi msewu wafumbi wokhotakhota, wokwera ndi kutsika. Tinali titayenda mwina theka pamene achemwali anati, "Taona uko." Chakumadzulo, mbali ya ku Mozambiki, kumwamba kunali kutafiira. Akavuluvulu timawadziwa, amazungulira m'munda n'kutha. Ichi chinali china. Chinali ngati khoma lalitali lochokera pansi mpaka kumitambo, ndipo linkabwera likumeza minda, nyumba, ndi phiri lomwe. Ndinaponda mafuta poganiza kuti ndilipitirira, koma msewu unakhotera komweko.

Poyamba zinafika ndi zinyalala, masamba a chimanga ouma ndi mapepala apulasitiki, kenako mchenga unayamba kuwaza pagalasi ngati matalala. Kunada masanasana. Ndinayatsa nyali koma kuwala kwake kunangothera pamphuno pa galimoto. Ndinayesa zopukutira galasi, zinangokwecha. Fumbi linkalowa paliponse, pansi pa zitseko, m'mabowo a mphepo, mpaka m'mano. Ndinkayendabe, nditakakamira chiwongolero, nkhope nditaigunditsa pagalasi.

"Imani, mayi," anatero amuna anga. Mawu awo anali atayamba kulemera ngati a munthu woledzera.

"Sindiima."

"Mukuona chiyani kutsogoloko?"

"Msewu ndikuudziwa."

"Lero ndi la msika. Mumsewumu muli anthu."

"Alamu, musiyeni ayende," anatero achemwali. "Nthawi ikutha."

Amuna anga anangotambasula dzanja, n'kupotokola kiyi. Injini inazima, galimoto n'kugwedezeka kawiri, n'kuima. Kiyi ija anaizula n'kuifumbata pachifuwa.

Ndinawakalipira. Pa zaka makumi awiri ndi ziwiri za ukwati wathu ndinali ndisanawalankhulepo choncho. Ndinawauza kuti ndi ouma mutu, kuti akufuna kundisiyira ana dala, kuti anthu a mumsewu ali ndi maso ndi miyendo yawo. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa. Kenako anandiuza kuti ndiyatse nyali zophethira ndipo ndiziliza hutala pafupipafupi, kuti wina wobwera kumbuyo asatigunde. Ndinachita zimenezo ndikulira.

Sindidziwa kuti tinaima nthawi yaitali bwanji. Achemwali amati mphindi khumi, ine ndimaona ngati zinapitirira. Galimoto inkagwedezeka ndi mphepo. Chinthu china, mwina lata losasuka padenga la munthu, chinadutsa pamwamba pathu chikulira. Achemwali anatulutsa kolona n'kuyamba kupemphera chapansipansi. Amuna anga zikope zinayamba kugwa zokha, moti ankazikweza ndi chala kuti andione. Malovu ankatuluka, ine n'kumawapukuta ndi nsonga ya chitenje.

Ankalankhula zinthu zazing'ono. Anati keni yothirira aisiya pachitsime, wina akaitenge isasowe. Anati tayala lakumbuyo kumanzere limaphwa, ndiziliyang'ana. Kenako ananena za ana athu aakazi awiri, wamkulu amene anali ku sekondale yogonera ku Boma ndi wamng'ono amene tinamusiya ali kusukulu m'mudzi.

"Mukawauze nokha. Asamvere kwa anthu."

"Mukawauza ndinu," ndinatero.

Dzanja limene linafumbata kiyi linali pafupi ndi langa. Ndinkaliona kuti latha mphamvu, zala zinali zitayamba kumasuka. Ndikanatha kuitenga mosavuta. Ndinaliyang'ana dzanjalo nthawi yonse imene tinaima, koma sindinalikhudze.

Fumbi linayamba kupepuka pang'onopang'ono. Choyamba kuoneka chinali nyanga za ng'ombe. Ngolo inali itaima chopingasa pakati pa msewu, mapazi asanu okha kuchokera pamene tinaima ife. Bambo wina wachikulire anali atagwira ng'ombe zake pamphuno, nkhope atabisa m'chipewa. Pafupi ndi ngoloyo, mbali yathu, kunali amayi anayi kapena asanu atanjuta pansi, atafunda zitenje kumutu, madengu a tomato ali pambali. Wina anavundukula chitenje chake ndipo m'kati munali ana awiri. Onse anali ofiira ndi dothi ngati angofukulidwa kumene. Anadzuka n'kumadzikutumula, akutiyang'ana modabwa kuti galimotoyi yaliza hutala nthawi yonseyi bwanji.

Amuna anga sankathanso kutsegula maso. Anafunsa movutikira kuti kunja kuli chiyani. Ndinawauza kuti kuli ngolo, amayi ndi ana. Anagwedeza mutu pang'ono, n'kutambasula dzanja lija.

Achemwali anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti tili ndi wodwala. Bambo uja anakokera ng'ombe zake kumbali msangamsanga, ife n'kudutsa. Msewu unali utadzaza nthambi ndi udzu wa padenga. Ndinangopondapo. Titafika pa tala sindinaime n'komwe kuti ndiyang'ane uku ndi uku. Za ulendo umenewo ndimakumbukira zochepa. Ndikukumbuka minibasi ina ikundiwalitsira nyali, ndi achemwali akuitana mobwerezabwereza, "Alamu! Alamu, tatsala pang'ono!" Mutu wa amuna anga unali utatsamira paphewa langa, ndipo ndinkamva mpweya wawo pakhosi panga, waufupi, wotalikirana. Phiri la Dedza litaonekera bwinobwino kutsogolo, sindinaumvenso.

Kuchipatala anatilandira mothamanga. Anamwino anawanyamula pamachira, wina akuwapopera mpweya ndi chikwama cha mphira, n'kulowa nawo m'chipinda. Anayesetsa nthawi yaitali. Ine ndinakhala pabenchi panja, ndipo m'pamene ndinaona kuti ndayendetsa ulendo wonsewo wopanda nsapato. Dokotala atatuluka sanafunikire kunena. Anali wachinyamata, maso ake ofiira ndi kutopa. Ndinamufunsa funso limodzi lokha, kuti tikanafika mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu m'mbuyomo zikanatheka kodi.

"Mayi, sindingakunamizeni," anatero. "Mwina zikanatheka, mwinanso ayi. Njoka imeneyi ululu wake umathamanga kwambiri."

Ndinkafuna andiuze kuti ayi, sizikanatheka. Yankho lake ndakhala nalo mpaka lero.

Madzulo omwewo ndinapita kusukulu ya mwana wathu wamkulu. Aphunzitsi anamuitana, iye n'kubwera akumwetulira poganiza kuti ndamubweretsera kamba. Atayang'ana mapazi anga ndi fumbi la m'tsitsi langa kumwetulirako kunatha. Ndinamuuza ndekha monga anandipempha bambo ake. Wamng'ono sindinakwanitse, anali atamva kale kwa anthu tisanafike.

Tinakawaika kwawo ku Linthipe. Abale awo anandifunsa mmene zinakhalira ndipo ndinafotokoza zonse, osabisa zoima panjira. Apongozi anga aakazi anangoti, "Ndi mmene analili mwana wanga," n'kutembenukira kukhoma. Palibe amene anandiimba mlandu pamaso, ngakhale ndinamva kuti ena ankanong'onezana kuti akanayendetsa mwamuna bwenzi atafika.

Anthu a pangolo aja sindinawadziwe, ndipo sindinawafunefune. Ndikhoza kuvomera pano kuti kwa miyezi yambiri ndinkadana nawo. Ndikaona mayi atasenza dengu la tomato pamsewu umenewo ndinkadzifunsa ngati anali mmodzi wa iwo, akuyenda bwinobwino, akuseka ndi anzake, osadziwa kanthu. Ndinakaulula zimenezi kwa ansembe. Anandimvetsera, sanandidzudzule, koma chidanicho sichinachoke tsiku limenelo. Chinatha chokha, mochedwa, ngati mmene chimathera chotupa.

Njokayo sinapezeke. Achimwene anga ndi anzawo anasakasaka kudimba masiku awiri, anatentha udzu wonse wa m'mbali mwa mtsinje, koma anangopeza khungu lake lofundula pamiyala. Mvula inagwa patapita sabata, fumbi n'kugona. Kudimba kunkafunika munthu, ndipo ndinabwererako chifukwa panalibe wina woti apiteko.

Tsiku lokumba mbatatesi zimene anasiya atabzala, achemwali anabwera kudzandithandiza. Tinagwira ntchito m'mawa wonse osalankhula zambiri. Titakhala pansi kuti tipume, anayamba kuchotsa dothi pakhasu ndi kamtengo, osandiyang'ana.

"Pali chimene sindinakuuze," anatero. "Tsiku lija ine ndinkafuna kuwalanda kiyi. Dzanja lawo linali lofooka, ndinkaona. Ndinkadikira kuti uyambe iweyo."

"Inenso ndinkadikira inu," ndinatero.

"Ndiye tinalakwa?"

Ine sindinkadziwa, ndipo mpaka pano sindidziwa. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, dothi n'kutsalira patsaya. Kenako mitambo inayamba kusonkhana chakumpoto, ndipo panali mizere isanu ndi umodzi yosakumba. Tinadzuka n'kutola makasu.