A Lazarus ndi Bandulo Yotchipa

A Lazarus Mbewe anabadwira ku Vubwi, kufupi ndi malire, koma kuno ku Katete anabwera ndi ukwati. Anakwatira a Violet a m'mudzi wina wa kumunsi kwa Mkaika, ndipo monga mwa mwambo anamanga nyumba kwawo kwa akazi. Zaka khumi ndi zinayi zadutsa akulima thonje ndi mtedza pa nthaka ya eni, ndipo mpaka lero pakakhala nkhani ya pabanja amakhala kumapeto kwa mphasa, chipewa chili m'manja, poti iwo ndi mkamwini chabe.

Koma mukafuna kuwadziwa bwino, pitani nawo kumsika. Abale inu! Munthu ameneyu sagula tomato asanazungulire msika wonse kawiri kufunafuna mulu waukulu, ndipo akaupeza sachoka asanalandire basela. Tomatoyo kaya ndi wofewa, kaya wayamba kuola pansi, zimenezo alibe nazo ntchito, bola mulu ukhale waukulu. Azimayi ogulitsa akangoona njinga yawo amayamba kale kudandaula.

Mwana wawo Chikondi anagontha ali ndi zaka ziwiri atadwala malungo aakulu, ndipo kuyambira pamenepo sanalankhulenso. Iye ndi bambo ake anadzipangira chilankhulo chawochawo cha manja ali kumunda: kugwira chibwano kunali kunena bambo, kusisita mimba njala, kugwedeza zala m'mwamba mvula. Atakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu, a Lazarus anati mwanayo apite kusukulu yogonera konko ya ana osamva, cha ku Chipata. Atsibweni a mwanayo, a Nason, omwe ndi achimwene awo a Violet, anakana kwamtuwagalu.

"Alamu, mwana ndi wathu, inu munangobwera," anatero a Nason. "Mukamutaye kwa alendo mwana woti sangathe n'kukuwa komwe?"

Tsiku limenelo mkamwini anakweza mawu koyamba m'mudzimo. Anakangana mpaka a Nason anavomera monyinyirika kuti ayesere temu imodzi, koma mwana akangovutika iwo akamutenga okha.

Tsono mwana wosamva sumuimbira foni n'kumulonjera, ayenera kukuona manja. Aphunzitsi ake, mayi wachifundo, anati Lamlungu lililonse nthawi ya fifitini, ndiye kuti 3 koloko masana, aziwaimbira pa vidiyo kwa mphindi khumi. A Lazarus anagulitsa mbuzi n'kugula foni ya tachi. Itafika nkhani yosankha bandulo ya intaneti, mukuganiza anatani? Anasankha ngati tomato. Anapeza ya mwezi wathunthu, yaikulu kuposa zonse, mtengo wake wotsika kuposa zonse, ndipo anabwerera kumudzi akuyenda mothimbwidzika.

M'kati mwa sabata, m'mawa, inkathamanga bwino zedi. Ankaonera zigoli za mpira ndi mavidiyo a kwaya atakhala pamzere wa thonje, mpaka a Violet kuwakumbutsa kuti udzu sukudikira. Koma Lamlungu, fifitini itakwana, nkhope ya Chikondi inangoonekera pang'ono n'kuuma gwaa. Dzanja limodzi lili m'mwamba, kenako mbuu, kenako kachizindikiro kozungulirazungulira. A Lazarus anakwera pachulu, anaimirira pangolo, anakweza foni kumwamba ngati akuonetsa mwezi, koma ayi ndithu. Posafuna kuti mwana aone kuti bambo ake asokonezeka, ankangogwedeza mutu n'kumaseka ngati akumva zonse.

Zinatero masabata atatu. Lachiwiri lotsatira aphunzitsi anatumiza uthenga woti Chikondi wasiya kudya, wamanga zovala zake m'chitenje, ndipo akumangokhala pafupi ndi geti. A Violet analira. A Nason sanachulutse mawu: Lamlungu likubwerali ndi lomaliza, Lolemba akwera minibasi kukamutenga. A Lazarus mtima unawapweteka kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti mwanayo akangobwerera, sukulu yathera pomwepo.

M'mawa mwake anapalasa njinga m'matope mpaka pa Katete boma, nalowa mu shopu ya a Twaha, amene anawagulitsa foni ija. A Twaha ndi mkulu wobadwira ku Malawi, ndipo sakwiya msanga ngakhale munthu abwere akutukwana.

"Mwandigulitsa foni yakufa!" anakalipa a Lazarus, kuiponya patebulo.

A Twaha anaitola, anaitembenuza, anadinadina, kenako anaseka chapansipansi. "Akulu, foni ili bwinobwino. Bandulo iyi anakusankhirani ndani?"

"Ndinasankha ndekha. Ndi yaikulu kuposa zonse."

"Tizilembo tating'onoting'ono ta pansipa munatiwerenga?"

A Lazarus anadzikanda kumutu. Munthu amawerenganso zapansi mulu atauona kale?

"Taonani," anatero a Twaha. "Nsanja ya netiweki ili ngati mjigo umodzi wa mudzi wonse. M'mawa anthu ali kumunda, mumatunga mmene mukufunira. Koma Lamlungu masana aliyense wachoka kutchalitchi, aliyense ali pa foni, wina mpira, wina kucheza ndi a ku Lusaka. Pamenepo a kampani alemba okha apa kuti a bandulo yotchipa iyi azikhala kumbuyo kwa mzere. Ndowa muli nayo yaikulu, eya, koma pamjigo simukufika."

"Ndiye andibera!"

"Sanakubereni, anakuuzani, koma motsitsa mawu. Inu mukufuna chiyani kwenikweni, kuonera mpira sabata yonse kapena mphindi teni za mwana?"

Funso limeneli linawalasa a Lazarus. Anayang'ana pansi n'kuyankha kuti akufuna mwana.

A Twaha anawaonetsa kabandulo ka tsiku limodzi, kakang'ono, kopanda tizilembo ta kumbuyo kwa mzere tija. Anati azikagula Lamlungu lokhalokha, fifitini ikamayandikira, ndipo pamwezi sadzawononga zoposa zomwe ankawononga kale. Anawatsekeranso zija foni imangodzikopera yokha, zithunzi ndi mavidiyo a m'magulu, kuti zisamadye kabanduloko mwakachetechete. "Sindikulumbira kuti zitheka," anawonjezera, "poti mjigo ukadzaza zedi ngakhale wa patsogolo amadikira. Koma yesani."

A Lazarus anatuluka akung'ung'udza. Kupereka ndalama kugula kanthu kochepa, chachikulu chilipo, kunkawawawa ngati kuzula dzino. Ali pakhomo anafika mpaka pofunsa ngati kalibe basela, a Twaha n'kuwathamangitsa ndi chiseko.

Lamlungu anakhala pakhonde ndi a Violet. A Nason nawo anabwera osaitanidwa, nakhala pampando kumbuyo kwawo, manja atapinda pachifuwa. A Lazarus anagula kabandulo kaja. Fifitini itangokwana foni inalira, ndipo Chikondi anaonekera ngwee, mpaka kachipsera ka pamphumi pake. Anali atawonda, maso otupa, nkhope ili ndwii.

A Lazarus anagwira chibwano, anamuloza, n'kusisita mimba, kufunsa chifukwa chake sakudya. Mwana anawayang'anitsitsa, nayesa kugwedeza zala m'mwamba. Iwo anayankha pompo kuti eya, mvula ikugwa, thonje lakula kufika m'chiuno. Chikondi anatong'ola maso. Lero bambo ake akuona!

Mwanayo anapisa m'thumba la yunifolomu natulutsa kapepala kopindikapindika, kakuda ndi thukuta la m'manja. Mawu a aphunzitsi anamveka chapambali: "Bambo a Chikondi, pepala limeneli wakhala akukuonetsani masabata onse atatu. Inu mumangoseka, ndiye iye ankayesa kuti mukumuseka."

Mwana analitambasula n'kulisendeza pafupi. Panali zilembo zisanu za pensulo, zazikulu, zopendekeka: ATATE.

A Lazarus analiwerenga. Misozi inangoti chuu, kutsikira m'ndevu. Anagwira chibwano, n'kudzimenya pachifuwa kawiri katatu kuti ndine, ndine amene, ndipo Chikondi anaseka mpaka foni ya aphunzitsi inagwedera.

A Nason, amene sukulu sanaipondeko, anasuzumira paphewa la alamu awo. "Walemba chiyani?"

"Walemba kuti atate," anayankha a Violet, akupukuta m'maso ndi chitenje.

A Nason anayang'anitsitsa pepalalo. "Zaka zonsezi mwana ameneyu sanaitanepo munthu," anatero motsitsa. Kenako anakhosomola n'kuwagunda a Lazarus pamkono. "Alamu, tamuuzani ndi manja anuwo kuti akadye. Mumufunsenso ngati atsibweni amalembeka."

Lolemba m'mawa a Nason anatenga khasu n'kupita kukapalira thonje lawo.