Mitanda Itatu pa Mapu a Damu

Dandaulo langa loyamba ndinalitumiza Lolemba loyamba la Okutobala, chaka chija masitolo a ku Kadoma anatsala mashelefu okhaokha, ndipo kope lake ndili nalo pano pamodzi ndi makalata ena asanu omwe sanayankhidwe. Choncho wina asanene kuti mkuluyu akupeka. Ine ndinali kalaliki wa pamgodi, pepala sinditaya.

Ndinkalembera tsamba lina la pa intaneti la anthu okonda kuwedza. Nkhani ndinkayamba kulemba pamanja, kaboni pansi, kenako n'kukaitayipa m'tauni magetsi akayaka. Ina inali ya damu la pafamu ina kupitirira Chegutu, njira ya ku Selous, komwe ndawedza kuyambira tsitsi lili bii. Famuyo inali itagawidwa, ndipo tcheyamani wa anthu atsopanowo anandilembera chilolezo monga ankachitira mzungu yemwe anali mwini famuyo kale. Ndinajambulanso mapu, n'kuika mitanda itatu pomwe ndimamiza timatumba ta masese a mowa, tomangirira kumwala, kuti nsomba zizolowere kudyera pamenepo.

Koma akonzi a tsambalo, ali phee kunja kwa dziko, anadula ndime ya masese ati yatalika, n'kuikapo mutu wawo wonena kuti damu lokongola lagwa m'manja mwa olanda. Mapu anawasiya, dzina langa analisiyanso. Kodi ameneyo ndi mkonzi kapena wokumba manda?

Loweruka lina m'mawa ndikukola nyambo kumbedza, ndinangoona amuna asanu a zikwanje andizungulira, tcheyamani atanyamula nkhani ija yosindikizidwa papepala, yomwe m'bale wake wa ku Harare anamubweretsera. Mwatsoka, misasa yawo itatu inali kumtunda, moyang'anizana ndi mitanda yanga. Anati ndine kazitape wa mzungu, ndalozera nyumba zoti zitenthedwe, wina n'kuwonjezera kuti ife a ku Nyasalande tilibe mutupo, ndiye kuti chiwongo cha makolo, tilibe mudzi, ndikamira palibe adzandifunse. Ndinatulutsa kope la kaboni m'chikwama, koma tcheyamani, akunditchula kuti mudhara, ndiye kuti mdala m'chiyankhulo chawo, anati pepala silinunkha, ngati masesewo alipodi ndikawavuule.

Abale anga, m'damu limenelo muli ng'ona, ndinaionapo ndi maso angawa ikukoka mbuzi. Nanga ndikanatani? Ndinavula nsapato n'kulowa. Madzi m'mawondo, m'chiuno, pachifuwa, ine ndikupapasa matope ndi mapazi. China chake chokakala chinandikhula mwendo, ndipo mpaka lero ndimadziuza kuti chinali chitsa. Phazi litagunda mwala uja ndinamira mutu wonse, n'kutuluka ndi kathumba konunkha mowa wosasa. Mmodzi anaseka, nati sekuru awa, kutanthauza agogo, ndi amisala chabe. Tcheyamani sanaseke. Anang'amba chilolezo changa, zidutswa zake ndinatola, nati sindidzapondanso pamenepo mpaka mawu aja atachoka pa intaneti, ndipo ukadzapsa msasa ngakhale umodzi, kwathu ku Kadoma akukudziwa.

Papita zaka ziwiri, nkhaniyo ikadali pomwepo. Chilimwe chilichonse anthu akamatentha tchire, ndikaona utsi chakumeneko ndimangomva ngati ndabwereranso m'madzi muja. Ndikukhulupirira tsopano kuti ng'ona inandichitira ulemu kuposa anthu omwe ndinkawalembera kwaulere. Inu olemba anzanga, musatumize mapu kwa munthu amene sadzapondako komwe mapuwo akuloza.

Popeza makalata anga mumawanyalanyaza, inu akonzi, ndikupempha pamaso pa owerenga kuti muchotse mutu munaikawo, mubwezere ndime ya masese monga ilili pa kope langa, ndipo mundiyankhe polemba, kuti ndikhale ndi pepala lokaonetsa tcheyamani udzu usanaumenso.