Chitseko cha Eni Ake

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, sabata yachiwiri ya Novembala, ndikudikira kuti madzi a tiyi awire. Ndinkakhala m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ina ku Tottenham. Kugogoda kwake kunali kwaulemu, katatu basi, ndipo ndinatsegula supuni ili m'manja.

Anali anayi, a ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko. Wamkazi, amene ankaoneka kuti ndiye mkulu wawo, anawerenga dzina langa papepala, nati, "Valani nsapato, bambo. Ngati mumamwa mankhwala, tengani." Viza yanga inali itatha zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, ndiye panalibe choti n'kutsutsa. Munthu wanzeru akanatenga jekete yachiwiri. Ine ndinatenga buku.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo moyo wanga wonse ndakhala ndikubwezera chipongwe chimenecho powerenga chilichonse chokhala ndi chikuto. Bukuli ndinaligula m'sitolo ya zinthu zakale chifukwa linali lonenepa. Linkasimba za chitsitsimutso chimene chinagwa m'mipingo ya kumpoto kwa China zaka zoposa zana zapitazo, pamene akulu a mpingo ankaimirira pamaso pa anthu n'kumaulula zimene anabisa kwa zaka. Ndinali nditaliwerenga kawiri, ndikumalemba m'mphepete ndi pensulo ngati mphunzitsi wa pa yunivesite.

Anandifunsa mafunso tsiku lomwelo, m'chipinda chimene tebulo lake linali lokhomerera pansi. Ndimagwira kuti ntchito, anandipezera ndani, ndimapemphera ndi ayani. Ndinayankha za ine ndekha.

"Simukudzithandiza," anatero wondifunsayo, akuongola mapepala.

Ndinatuluka chifuwa chili patsogolo: sindinatchule munthu. Tili m'vani m'pamene ndinakumbukira kuti ndinatchulapo kale munthu, popanda wondifunsa n'komwe.

Nkhani yake ndi iyi. Kumpingo kwathu, kumene Amalawi timasonkhana muholo yobwereka, ndinkaphunzitsa kalasi ya Baibulo ya akuluakulu. Zaka ziwiri ndisanagwidwe, akulu a mpingo anandilanda kalasiyo n'kupatsa Mmalawi mnzathu wina wokhala ku Edmonton, dera loyandikana ndi Tottenham, bambo wofatsa, wadigiri yake. Anthu ankati amafotokoza zomveka, pamene ine ndinkangowawerengera mabuku. Ndinkadziwa kuti mapepala ake sanali bwino, ngati angawa. Tsiku lina masana ndinaimba foni ku ofesi ya olowa ndi otuluka ija, osatchula dzina langa. Patatha miyezi itatu anamukweza ndege. Mkazi wake, namwino pachipatala, anatsala ndi ana awiri. Pomuperekeza ndi mapemphero, amene anapemphera motalika ndinali ine.

Malo amene ananditsekera anali pafupi ndi bwalo la ndege. Mlonda wondilandira anati, "Kuno si kundende. Inu ndinu okhalamo, osati akaidi." Atatero anatseka chitseko ndi kiyi. Ankatiwerenga katatu patsiku. Mawindo sankatseguka. Wamndende amadziwa tsiku lotuluka ndipo masiku ake amachepa. Ife athu ankangochuluka. Ndege iliyonse ikamadutsa pamwamba, nkhani zinkaima kaye. Bambo wa chipinda choyandikana nafe anamutenga Lachisanu lina atavala nsapato imodzi. Inayo inakhala pakhonde mpaka Lolemba.

M'chipinda ndinali ndi mkulu wina wa ku China, wa imvi, amene kwawo anamangidwapo kawiri chifukwa chopempheretsa anthu m'nyumba mwake. Chingerezi chake chinali cha mawu owerengeka, changa cha mawu ochuluka koma osathandiza, choncho tinkamvana bwino. Ataona zithunzi za m'buku langa, anaika chala pa chithunzi cha tchalitchi cha njerwa, nati agogo ake anali a chigawo chomwecho.

Ndinasangalala. Ndinayamba kumuphunzitsa mbiri ya kwawo. Ndinamuuza mmene bukulo limanenera kuti zimene ndodo za oweruza zinkalephera kutulutsa m'kamwa mwa anthu, zinkatuluka zokha m'tchalitchi. Anandimvetsera masiku atatu. Tsiku lachinayi anatseka bukulo ndi dzanja lake, nandiuza za chitseko.

M'chaka cha njala, banja loyandikana ndi agogo ake linathawira kwina. Agogowo, mkulu wa mpingo, anazula chitseko cha nyumba yosiyidwayo n'kukachiika pa yawo. Eni ake atabwerera, anauzidwa kuti chinatengedwa ndi achifwamba, ndipo kwa zaka ankadutsa pa chitseko chawo chomwe pobwera kudzapemphera. Chitsitsimutso chitafika, agogowo anaimirira n'kuulula akulira. Anthu anaimba. Koma potuluka, anapita kunyumba, nazula chitsekocho, nachibereka kumsana dzuwa likuswa mtengo, kudutsa pakati pa mudzi.

"Nyengo yozizira yonse, nyumba yopanda chitseko," anatero mkuluyo. "Kulira n'kosavuta. Chitseko n'cholemera." Kenaka anandiyang'ana. "Iwe buku umalikonda. Buku ukhoza kutseka."

Za foni ija sindinamuuze. Koma munthu amene wakhalapo m'zipinda zofunsira mafunso amadziwa nkhope ya wobisa.

Pa anthu onse a kumpingo, amene ankabwera kudzandiona Lolemba lililonse anali namwino uja, mkazi wa munthu amene ndinamupereka. Ankakwera sitima ziwiri ndi basi atangoweruka kuntchito. Ankati amadziwa mmene malo amenewa amadyera munthu. Loya wanga anandiuza kuti belo yanga idzamvedwa Lachinayi la sabata yachitatu ya Disembala, ndipo jaji adzafuna zinthu ziwiri: adiresi yokakhala, ndi mwini nyumbayo kuonekera yekha. Kachipinda ka ku Tottenham kanali katapita kale. Namwinoyo anali atavomera kuti ndikakhale kwake.

Ndinadziuza kuti ndidzaulula ndikatuluka. Maganizo amenewa ndinawakonza bwino, ndi mitu yake itatu, ngati ulaliki. Koma ndikatseka maso ndinkadziona ndikulowa pachitseko cha ku Edmonton, ana akundilandira chikwama.

Lolemba la sabata imeneyo tinakhala m'chipinda cha alendo, pamipando yokhomerera pansi, mlonda ataima pafupi ndi khoma.

"Achimwene, mwaonda," anatero. "Kodi mabuku aja ndiye mukudya?"

"Ndikudya, achemwali. Mbatata za kuno zilibe mlandu."

"Chipinda ndakonza. Ndi chija ankawerengeramo bambo a ana. Mashelefu alipo, musadandaule."

Ndinayang'ana manja ake. Anali osweka ndi sopo wa kuchipatala.

"Achemwali, musanapite kwa jaji, pali choti mumve. Amene anaimba foni ija ndine."

"Foni iti?"

"Ya bambo."

Patebulo lina mwana ankalirira bisiketi. Ndinafuna kufotokoza, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo mwanga ndinasowa mawu aatali.

"Chifukwa?" anafunsa.

"Kalasi ya Baibulo."

"Kalasi." Anatchula liwulo pang'onopang'ono, ngati dzina la mankhwala achilendo. "Ana anga akulira bambo awo pafoni zaka ziwiri chifukwa cha kalasi ya anthu khumi ndi awiri."

"Inde."

"Munapemphera tsiku lija. Ndinakuthokozani."

Anaimirira, namanga mabatani a jekete yake onse mpaka m'khosi, nauza mlonda kuti watha. Panali patatsala mphindi makumi anayi kuti nthawi ya alendo ithe.

Nditabwerera m'chipinda, mkulu uja anandiyang'ana kamodzi, nandipatsa lalanje limene anasunga pa chakudya chamasana. Lachiwiri ndi Lachitatu sindinawerenge. Loya anaimba kuti mayi aja sakuyankha foni, ndipo popanda adiresi tingodziwiratu kuti belo palibe. Ndinamuuza kuti ndikudziwa.

Lachinayi anandikhazika patsogolo pa kanema, chifukwa mlandu unkamvedwa kukhoti ine ndikuonera ndili kotsekeredwa konko. Ndinaona jaji, loya, ndi mpando wopanda munthu. Jaji anali atayamba kale kulankhula pamene chitseko cha khotilo chinatseguka. Namwino uja analowa atavala yunifolomu ya kuntchito. Sanayang'ane kanema.

"Kodi munthu uyu mumamudziwa bwino?" anafunsa jaji.

"Tsopano ndikumudziwa," anayankha.

Ananditulutsa tsiku lotsatira, zinthu zanga zili m'thumba lapulasitiki. Mlonda wa pachipata anati, "Musabwerenso." Mkulu wa ku China ndinamusiyira bukulo. Ngakhale sankatha kuliwerenga, anati zithunzi zimukwanira. Sindikudziwa kumene ali lero.

Ku Edmonton namwinoyo ananditsegulira yekha.

"Sindinabwerere inu," anatero ndisanalowe. "Malo aja sindingasiyemo ngakhale galu. Lamulungu mukanena nokha pamaso pa mpingo. Koma yambani ndi uyu." Anandipatsa foni, ikuitana kale ku Zomba, kwa mwamuna wake.

Ndinanena zonse nditaima pakhomo, mphepo ikulowa m'nyumba ya eni ake. Mbali inayo ndinkamva tambala akulira chapatali, ndi wailesi ya winawake.

"Ndiye kalasiyo munaitenganso?" anafunsa bamboyo.

"Ayi. Anapatsa wina."

Anaseka nthawi yaitali, kuseka kosakoma kumva, kenaka foni inaduka. Mpaka lero sanandiuze kuti wandikhululukira, ndipo sindinamufunse.

Lamulungu ndinaimirira. Panalibe chitsitsimutso. Palibe amene analira kapena kuyambitsa nyimbo. Ena anasiya kundipatsa moni, ndipo sindingawadandaule. Mlandu wanga wa mapepala sunathe. Ndimakasaina ku ofesi ija sabata iliyonse, ndipo tsiku lina akhoza kundigwira konko. Kale ndinkaganiza kuti ufulu ndi kukhala ndi kiyi wako m'thumba. Pano ndimagona m'chipinda cha munthu amene ndinamuchotsamo, pakati pa mabuku ake, ndipo sindinakhudzepo ngakhale limodzi. Ndikudikira kuti mwini wake adzandibwereke.